Mizere ya Mng'ono Wanga

Anabwera Lachiwiri m'mawa, sabata yoyamba ya Okutobala, ine ndili kudambo kuthirira nazale ya fodya. Mkazi wanga ndiye anatsika phiri kudzandiitana. Sanathamange. Anaima pafupi ndi chitsime n'kunena kuti, "Kwabwera anthu anayi ndi galimoto. Sanaodire."

Kwathu, kumapiri a pakati pa Msakambewa ndi Ntchisi, munthu wolowa pakhomo osaodira amakhala wakuba kapena wotumidwa ndi akuluakulu. Ndinasamba m'manja n'kukwera kunyumba. Ndinawapempha kuti ndivale shati yanga yoyera yolalikira nayo, ndipo anandilola. Mantha analipo, sindikana, koma pansi pa manthawo panali kachimwemwe. Zaka zimenezo aliyense ankayenera kukhala ndi khadi la chipani, ndipo mpingo wathu waung'ono unkalikana. Ine ndinali mlaliki wake. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzanditenga, moti mawu oti ndikanene ndinali nditawakonzeratu.

Chimene sindinakonzekere n'chakuti m'galimotomo ndipezamo mng'ono wanga atakhala pansi, manja ali m'unyolo, mapazi ali ndi dothi la kumunda.

Tinabadwa amuna awiri m'mimba imodzi. Ine ndinaphunzira sukulu ya mishoni cha ku Mvera, mpaka ndinaphunzitsako ana zaka zingapo, n'chifukwa chake anthu ankanditchula kuti aphunzitsi. Iye analekera Sitandade 2 chifukwa cha chibwibwi. Ankamuimiritsa kuti awerenge, kalasi yonse n'kumaseka. Mu mpingo ankakhala kumbuyo, ntchito yake kusesa ndi kukhoma mabenchi ogwedera. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye nyimbo yake inali khasu. Ndinkamukonda mmene munthu amakondera mng'ono wofatsa amene sangamupose pa kanthu kalikonse.

Achinyamata a mu mpingo andipempha kuti ndilembe za mazunzo athu ndisanafe. Akuyembekeza nkhani ya mlaliki wolimba mtima. Ine ndilemba za dzina la mng'ono wangayu ndi mmene ndinaliipitsira, chifukwa ndinkafuna kukhala wamkulu ngakhale pa kuzunzika.

Galimoto inadutsa pa Dowa msika uli mkati, n'kupitirira mpaka pa nyumba ina imene inalibe chikwangwani. Wotifunsa anali bambo wa suti yotuwa, wolankhula motsitsa.

"Khadi lako lili kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za anyamata atatu aja a m'Baibulo amene anakana kugwadira fano. Ndinali ndisanafike n'komwe pa ng'anjo pamene anakweza dzanja.

"Ndakufunsa za khadi. Ulaliki ukaupereke kwa amene anakutuma."

Tinakhala kumeneko masiku atatu. Ndinasiyako mano awiri, ndipo shati ija sinavalidwenso. Mng'ono wanga atamufunsa anangoti, "Ndilibe, bwana." Atamufunsa ngati agula, anatenga nthawi yaitali kuti mawu atuluke, kenako anati, "Iyayi, bwana." Bambo wa suti uja anatopa naye msanga. Anati, "Chotsani chitsiru ichi, mundibweretsere mphunzitsi uja." Ndikukumbukira kuti mtima wanga unakhala pansi. Zinaonetsa kuti iwonso akudziwa mtsogoleri ndi ndani.

Ku khoti sitinapiteko. Lachisanu anatitengera ku ndende ina ya munda waukulu, pamtunda wa mphepo yosaleka. M'selo mwathu munali andale, akuba, ndi ife okhulupirira angapo. Mkulu wa asilikali a ndendeyo, munthu wamfupi woyenda ndi kandodo kunkhwapa, anatilandira ndi mawu ochepa: "Kuno mupemphera ndi khasu. Aliyense ndime yake. Wosatsiriza sadya."

Ndime inali mizere khumi. Aliyense wolima chimanga amadziwa kuti mzere watsopano umakhala m'ngalande ya chaka chatha. Umayala mapesi m'ngalandemo, n'kugumula mizere yakale ya m'mbali, dothi lonselo n'kukwirira mapesiwo. Ndi ntchito yothyola msana, makamaka mu Okutobala nthaka itauma ngati njerwa. Koma akaidi anali ndi nzeru zawo. Ankangopalapala m'mbali mwa mzere wakale n'kukokera dothi lofewa pamwamba pake kuti uoneke wakuda, watsopano. Mkati mwake munali mouma gwa ngati kale. Iwo ankati uku ndi kudzoza mzere. Msilikali woima patali ndi mfuti sakanatha kusiyanitsa. Ine ndinaphunzira kudzoza tsiku limodzi lokha, ndipo madzulo ake ndinauza abale kuti si tchimo, pakuti ngakhale akapolo a ku Iguputo sanaumbe njerwa mokondwa.

Mng'ono wanga ankagumula mzere wonse mpaka pansi. Mapesi ankawayala bwinobwino ngati akuyalira mlendo mphasa. Ife tikamabwerera dzuwa lili paliwombo, iye amakhala ali pa mzere wachisanu ndi chimodzi. Sabata yoyamba anagona ndi njala katatu, ndipo akuba a m'selo anamupatsa dzina loti Thalakitala.

Lamulungu lina tikufuna nsabwe m'mabulangete padzuwa, ndinamukokera pambali.

"Iwe, ukufuna kuonetsa chiyani? Munda uwu ndi wa anthu amene anandigulula mano."

"Dothi si lawo, achimwene."

"Nanga chimanga chake adzadya ndani?"

Milomo yake inagwedera monga inkachitira mawu akamakana. Kenako anati, "Ndinu munatiphunzitsa. Munati ntchito iliyonse munthu agwire ndi mtima wonse, ngati akugwirira Ambuye, osati munthu. Munati tisamagwire ya pamaso, yoti ationere. Linali tsiku lija kunagwa matalala."

"Ndinkanena za munda wako. Sindinkanena za munda wa ozunza."

"Simunatero, achimwene. Munati mawuwo anawalembera akapolo."

Ndinalalikiradi zimenezo, ndipo anthu anandiyamikira kwambiri tsikulo. Ine ndinali nditaiwala. Munthu wosatha kuwerenga tsamba limodzi anali atasunga ulaliki wanga zaka zinayi, ndipo tsopano ankandikwapula nawo osadziwa n'komwe kuti akukwapula munthu. Ndinamuuza kuti ndi wouma mutu, n'kubwerera ku bulangete langa.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Pofika Januwale munda unaulula zonse. Chimanga cha m'mizere yodzoza chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo. Koma apa ndi apo m'munda monsemo munali zigawo za mizere khumi khumi zobiriwira bii, chimanga chofika m'chiuno. Mkulu wa asilikali uja anayendera mundawo ndi kandodo kake, n'kufunsa nyapala, mkaidi wotiyang'anira, kuti ndime zimenezo analima ndani. Atamuuza, anatiimiritsa tonse pamzera n'kuitana mng'ono wanga kutsogolo.

"Mwa nonse amene munabwera kuno chifukwa cha Mulungu, wopemphera ndi uyu. Enanu ndi a pakamwa."

Mwina sanandiyang'ane ine. Koma ine ndinamva ngati ndende yonse yatembenukira kwa ine.

Kuyambira sabata imeneyo anamupatsa dimba la kumtsinje, lolima ndiwo za asilikali. Ankapita yekha ndi msilikali mmodzi, amene nthawi zambiri ankangogona pansi pa mtengo. Dimbalo analipeza lili tchire. Pofika Epulo munali mpiru, tomato ndi kabichi woti munthu kuima n'kumangoyang'ana. Anapempha kuti masamba akunsi a mpiru, amene asilikali sankawafuna, azibweretsera odwala, ndipo anamulola. Ife chakudya chathu chinali mgaiwa ndi nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku. Anthu otupa miyendo anayamba kupeza bwino.

Kenako abale anayamba kusuntha. Pa mapemphero athu a madzulo, dzuwa lisanalowe, ankakhala mozungulira ine. Pang'ono ndi pang'ono bwalo lija linayamba kupendekera kumene kunali mphasa ya mng'ono wanga. Wina ankati, "M'bale, tipempherereni inu lero." Pemphero lake linali la mawu osakwana makumi awiri, ndipo ankavutika nawo mpaka thukuta. Anthu ankayankha ameni misozi ili m'maso. Ine ndikamapemphera, mawu akutuluka bwinobwino, ndinkamva anthu akukanda nsabwe. Mkulu wina amene ndinamubatiza ndi manja anga anafika pomutchula mng'ono wanga kuti abusa.

Ndinachita nsanje. Ndafufuza mawu ena ofewa zaka zonsezi, koma palibe. Ndinkadana ndi zikhato zake zokakala. Ndinkadana ndi mmene ankagonera tulo tofa nato, ine ndikungotembenuka. Mpiru wake ndinkadya, koma ndinkaumva ngati chipongwe. Ndinayesapo kumuposa. Sabata yathunthu nthawi yokolola ndinagwira ntchito ngati wamisala, kusenza matumba awiri pamene anzanga akusenza limodzi. Koma ndikatula thumba lililonse ndinkadzutsa mutu kuona ngati mkulu wa asilikali akundiona. Sanali kundiona. Loweruka ndinasiya, msana ukuwawa pachabe.

Tinali ndi masamba angapo a Mawu a Mulungu amene tinabisa m'mphepete mwa bulangete. Lachitatu lina mu Meyi, ife tili kumunda, asilikali anachita chipikisheni m'selo. Anapeza masamba aja, komanso pensulo ndi kalata ya wandale wina. Anthu atatu anawatsekera m'selo ya mdima masiku asanu, opanda chovala, pansi atathirapo madzi. Kunali kutayamba kuzizira. Wandale uja anatuluka akutsokomola, ndipo sanaleke.

Selo yonse inkafuna kudziwa kapirikoni, munthu wotsina khutu asilikali. Tikusamba Lachinayi, mmodzi wa andale anandifunsa anthu akumva.

"Aphunzitsi, inu mumaona patali. Watigulitsa ndani?"

Ine ndinkadziwa kuti palibe amene anatigulitsa. Bulangete lija ndinasoka ndine, ndi ulusi woyera wa thumba la ufa pa bulangete lotuwa. Ngakhale wakhungu akanauona. Ndinali kukwecha chidendene ndi mwala, ndipo sindinadzutse mutu.

"Ine sinditchula munthu," ndinatero. "Koma dzifunseni nokha. Ndani amakhala tsiku lonse awiriwiri ndi msilikali? Ndani amene abwana amamudziwa ndi dzina?"

Ndinanena zokhazo. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti dzina sindinalitchule.

Zinachitika Loweruka masana, kuseri kwa malo osambira. Ine ndinali kuchapa kabudula pafupi pomwepo. Ndinamva akumumenya mng'ono wanga, ndipo ndinapitiriza kuchapa. Lolemba anapita kudimba akukoka mwendo. Khutu lake lamanzere silinamvenso mpaka imfa yake. Asilikali atamufunsa amene anamuchita zimenezo, anati anagwa.

Abale a mu mpingo sanamumenye nawo, koma anachotsa mphasa zawo pafupi ndi yake. Bwalo la mapemphero linabwerera kwa ine. Ndinalalikira bwino miyezi imeneyo, makamaka za kupirira. Iye ankakhala pakona, atatembenuzira kwa ine khutu lakumanja. Mpiru sanaleke kubweretsa. Ankausiya pakhomo la selo, ndipo anthu ankadya osamuyang'ana.

Mu Julaye wa chaka chachiwiri, Lolemba m'mawa mphepo ikuluma, anatiimiritsa pamzera n'kuwerenga mayina a otuluka. Langa linalipo, pamodzi ndi a abale ena anayi. La mng'ono wanga panalibe. Potipatsa zovala zathu zakale ndinalimba mtima n'kufunsa mkulu wa asilikali.

"Nanga mng'ono wanga, bwana?"

"Iwe dzipita, wangotithera ufa. Dzina la uyo linabwera, koma ndalibweza. Ndikamutulutsa, dimba ndisiyire ndani? Iwe?"

Asilikali anaseka. Ndinatuluka pachipata, n'kuyenda mtunda wautali kukafika pamsewu. Mulungu andikhululukire: chimene chinkandiwawa panjira yonseyo sichinali chakuti mng'ono wanga watsala m'ndende chifukwa cha ntchito yake yabwino. Chinkandiwawa chinali ka "iwe" kaja ndi kuseka kwa asilikali.

Kumudzi anatilandira ndi nyimbo, ngakhale zinali zoimba motsitsa chifukwa makutu anali paliponse. Ndinkaitanidwa m'nyumba za abale kukafotokoza, ndipo ndinkawaonetsa pamene panali mano aja. Abale amene ndinatuluka nawo anali atafalitsa kale za kapirikoni. Kutsala kwake anthu anakuona ngati umboni: amusunga chifukwa ndi wawo. Mlamu wanga, mkazi wake, anabwera kunyumba kwanga mwana ali kumsana, n'kugwada pakhomo.

"Alamu, inu munali komweko. Zimene akunena za bambo a anawa n'zoona?"

"Tisaweruze, mlamu," ndinayankha. Koma nkhope imene ndinanenera mawuwo inali itaweruza kale. Anadzuka osatsanzika. Chaka chimenecho palibe wa mu mpingo amene anakamuthandiza kupalira, ndipo inenso sindinapite.

Mng'ono wanga anatuluka patapita chaka ndi miyezi inayi, mu Novembala, mkulu wa asilikali uja atasamutsidwa. Anafika wapansi kuchokera kumsewu wa ku Ntchisi, ataonda kwambiri. Okamuzonda anali owerengeka. Patapita masabata awiri akulu a mpingo anaitanitsa msonkhano woti aone ngati munthu wotere angaloledwe pa mgonero wa Ambuye. Tinakumana Loweruka masana m'nyumba yathu yopemphereramo, yofolera ndi udzu. Woyendetsa msonkhanowo ndinali ine.

Anakhala kumbuyo monga kale. Mkulu wina anamufunsa, "Kodi unagulitsa abale ako?"

"Iyayi."

"Nanga n'chifukwa chiyani asilikali ankakukonda? N'chifukwa chiyani anakusunga anzako atatuluka?"

Anavutika nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinkalima."

Anthu anaseka, kuseka kowawa. Mkulu uja anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi anali komweko, ndiponso ndi mkulu wake. Chimene anene iwo ndicho titsate."

Zinali zosavuta. Ndikanangonenanso kuti tisaweruze, akanamuimitsa pa mgonero, ana ake akanakula ndi dzina la ana a kapirikoni, ndipo ine ndikanakhalabe mlaliki mpaka kufa. Ndinamuyang'ana. Akanakhala kuti ankandiyang'ana mopempha, ndikuganiza kuti ndikanalimba mtima n'kumumaliza, chifukwa ndikanaona kuti tsopano wandigonjera. Koma sankandiyang'ana n'komwe. Ankayang'ana pawindo, kumene mitambo inali kusonkhana cha kuphiri, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza zoti mvula ikubwera munda wake usanathe. Ngakhale pa mlandu wa dzina lake, ine sindinali nkhani yaikulu kwa iye.

Paja amati mlandu suola. Ndinaimirira n'kunena zonse: za ulusi woyera, za mawu amene ndinanena tikusamba, za kabudula amene ndinapitiriza kuchapa. Sizinatuluke bwino ngati ulaliki. Mlamu wanga analira mokweza, ndipo mkazi wanga anatuluka panja. Tsiku lomwelo anandichotsa pa ulaliki, ndipo sindinabwererepo. Woimitsidwa pa mgonero anakhala ine.

Anthu atabalalika ndinamupeza panjira yotsikira kudambo. Ndinayenda mbali ya khutu lake lakumanja.

"Unkadziwa kuti ndine?"

"Tsiku lomwelo, achimwene. Amene ankandimenya ankabwereza mawu anu. Palibe wina m'selo muja amene ankalankhula choncho."

"Nanga bwanji sunanene? Ukanangowauza za ulusi uja."

Anaima, n'kulimbana ndi mawu kwa kanthawi. Sanakwiye, ndipo sankafuna kundichititsa manyazi. Ankangofotokoza monga munthu amafotokozera za nyengo.

"Akanakumenyani, kenako akanakusiyani nokha. Ine ndinali ndi dimba, achimwene. Inu mukanatsala ndi chiyani?"

Anandigwira paphewa n'kunena kuti zinatha kale, ndipo anandipempha kuti ndimubwereke khasu, chifukwa lake linali litathyoka mpini iye ali kundende.

Patapita zaka zochepa makhadi aja anatha, dziko linamasuka, ndipo mpingo wathu unayamba kuimba mokweza. Mng'ono wanga anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo pamaliro pake anthu anadzaza mpaka m'minda. Ine ndinakhala pagulu, wolalikira anali wina.

Achinyamata akandifunsa tsiku limene ndinamasulidwa, ndimatchula Lolemba lija la mu Julaye, chifukwa ndilo lili pa pepala limene anandipatsa pachipata. Koma ndaganizira kwambiri za ufulu pa ukalamba wangawu. Mng'ono wanga anakhala zaka zitatu mkati mwa waya, ndipo palibe tsiku limene mfuti inamugwiritsa ntchito, pakuti iye anali atasankha kale amene akumugwirira. Asilikali ankaganiza kuti akulimira iwo, ine ndinkaganiza kuti akulimbana ndi ine, pamene iye ankangolima pamaso pa Mulungu wake. Ine ndakhala panja zaka zoposa makumi atatu, ndikupita kumene ndafuna. Anandikhululukira panjira pomwe paja, osavutika n'komwe, pamene ine ndinalephera kumukhululukira mizere khumi ya chimanga chobiriwira. Ndinalonjeza kuti ndilemba zoona zokhazokha, ndiye ndilembe ichinso: ngakhale kukhululuka kwakeko ndimakuchitirabe nsanje mpaka lero.